Kodi Womanga Ukwati Ndani?

Ndimagwira ntchito m'boma, ndipo kwa zaka zoposa 20 ndakhala ndikusayina ndi kudinda mapepala mu ofesi ina mumzinda wa Lilongwe. Ntchito imeneyi idandizoloweretsa kuganiza kuti chinthu chikalembedwa, n'kusayinidwa, n'kudindidwa, ndiye kuti chatheka. Koma kwathu, m'mudzi wina kufupi ndi Nsaru m'dera la Mfumu Yaikulu Kabudula, ndili ndi udindo wina umene ulibe chidindo. Ndine malume, mwini mbumba, ndipo ana a alongo anga akafuna kulowa m'banja nkhani imafikira ine. Zimene ndikufuna kukamba pano zidandigwera pa udindo wachiwiriwu, ndipo zidandisiyira funso limene ndakhala ndikulisinkhasinkha mpaka lero: kodi munthu amaitenga kuti mphamvu yoimirira pakati pa anthu awiri n'kunena kuti kuyambira lero ndinu banja?

Mu Disembala 2019 mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 23 amene ndidamulipirira ndekha sukulu mpaka Fomu 4, adabwera ndi mawu akuti wapeza mwamuna. Mnyamatayo ankagwira ntchito ku Johannesburg, kwawo kudali chakumadzulo kupitirira Namitete, ndipo adabwera ndi masabata awiri okha a tchuthi. Ankafuna kuti chinkhoswe ndi ukwati woyera zonse zichitike asanabwerere. Ndalama adali nazo, ulemu adali nawo, ndipo polankhula nane ankachita kunjuta. Ndivomere kuti ndidamukonda tsiku lomwelo.

Ndidapita kwa abusa a mpingo wathu, munthu wachikulire wosathamangira kuyankha. Atandimvetsera adati, "Bambo, ukwati timaulengeza m'tchalitchi Lamulungu katatu. Mnyamatayo abweretsenso kalata yochokera kumpingo wake, ndipo awiriwa akhale pa chilangizo. Ngati mwana wathuyu akumufunadi, Pasaka sali kutali." Ndidawauza kuti dziko lidasintha, kuti anthu a ku Joni sapatsidwa tchuthi ngati ife a m'boma, ndiponso kuti ine ndemwe ndikumuikira umboni mnyamatayo. Adandiyang'ana nati, "Ukwatiwo sindikuukana ayi. Chimene ndikukana ndi liwiro." Ndidatuluka nditapsa mtima, ndikunena mumtima kuti malamulo a azungu akale akutigwira miyendo.

Apa m'pamene ndidakumbukira mnzanga wina amene tinkadyetsera limodzi mbuzi kudambo tili ana. Iyeyu adapita ku South Africa kukafuna ganyu, ndipo patapita zaka zingapo adabwerako atavala kolala, ali ndi chikalata chachizungu chonena kuti adadzozedwa ubusa atachita maphunziro a masabata owerengeka. Adayambitsa mpingo wake umene unkasonkhana m'kalasi ya sukulu ina. Nditamufotokozera sadavute. "Achimwene, chimene Mulungu wakonza ife tingachichedwetse bwanji? Loweruka lomweli timanga." Ndidabwerera kumudzi ndikudziona ngati munthu wodziwa kuyendetsa zinthu.

Chinkhoswe chidachitika Lachinayi. Akuchimuna adabwera anthu anayi pa galimoto yahayala, ndipo bambo wina adadzitchula kuti akuimira amalume a mnyamatayo amene akuti adali kudwala. Tidapatsana tambala ndi thadzi, amayi adalulutira, ine n'kugwirana chanza ndi nkhoswe inzangayo osaifunsa ngakhale dzina la mudzi wake kapena la mfumu yake. Loweruka mnzanga uja adawadalitsa, natulutsa kalata ya mtchatho yokongola, yojambulidwa nkhunda ziwiri. Ndidasayina pamalo a mboni ndi cholembera chomwe ndimasayinira kuofesi. Perekaniperekani adayenda bwino, ndipo Lolemba mkamwini adakwera basi.

Mu 2022 tidalandira uthenga woti mkamwini wamwalira pangozi ya galimoto ku Johannesburg. Anzake adasonkha ndalama, thupi lidabwera pamsewu, ndipo tidanyamuka kupita kumaliro pamodzi ndi mtsikana wathu, khanda lili kumsana. Titafika pasiwa tidapeza mayi wina atakhala kale pamalo a namfedwa, ana awiri atamutsamira. Adali mkazi wake wa chinkhoswe, wodziwika ndi mudzi wonse, wokhala ndi ankhoswe ake enieni. Bambo amene adadzitcha woimira amalume uja padalibe ndi mmodzi yemwe womudziwa. Adali mnzake chabe wa ku Joni. Mwambo wathu suletsa mitala, koma mitala ya mwambo simangidwa mobisa. Mwana wathu adakhala kumapeto kwa mphasa ngati mlendo, pamaliro a mwamuna wake. Madzulo adandifunsa motsitsa mawu, "Amalume, kodi ine pano ndine ndani?" Ndidasowa choyankha.

Titabwerako ndidatenga kalata ya nkhunda ija kukafufuza ngati idalowa m'kaundula wina aliyense. Sidalembedwe paliponse. Ndidapita kwa mnzanga uja mtima uli m'mwamba, n'kumuuza kuti ubusa wake ndi wogula ndipo waononga mwana wa eni. Adandimvetsera mpaka ndidatha mawu, kenako adati, "Achimwene, ine ndidalakwa, sindikana. Koma adabwera kwa ine ndani? Si inu mudati ndinu nkhoswe, zonse mwafufuza? Ine ndidakhulupirira inu, bwana wa m'boma." Mawu amenewa adandilasa chifukwa adali oona. Iye adatsamira suti yanga, ine ndidatsamira kolala yake, ndipo pakati pathu padalibe amene adayenda ulendo wa maola awiri kukafunsa kumudzi kwa mnyamatayo. Safunsa adadya phula, koma apa phula adadya ndi mwana wosalakwa.

Kuchokera nthawi imeneyo ndidayamba kuwerenga ndi kufunsa za amene ali ndi mphamvu yomanga ukwati. Ndidapeza kuti funsoli n'lakale. Mu nthawi ya atsamunda mudali lamulo la maukwati la 1902, lotsata njira ya chizungu, kenako la 1923 lolembera maukwati a anthu akuda omangidwa m'tchalitchi. Chodabwitsa n'chakuti pansi pa lamulo la 1923, madalitso a m'tchalitchi sankasintha kanthu pamaso pa khoti: ukwatiwo unkaweruzidwabe ngati wa mwambo. Kunena kwina, kwa zaka zambiri makolo athu ankavala zoyera n'kuimirira pamaso pa mbusa, koma chogwiriziza banja lawo m'malamulo chidali chikhalire mawu a ankhoswe.

Mu 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la maukwati, kutha kwa maukwati ndi ubale wa m'banja, limene lidalowa m'malo mwa malamulo akale aja. Lamuloli limazindikira ukwati wa kwa DC, wa mwambo, wa chipembedzo, ndiponso wa anthu amene akhalira limodzi ngati banja zaka zosachepera zisanu, khoti likatsimikiza. Onsewa ali ndi ulemu wofanana. Limaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti agwirizane ndi zimenezi. Limawerenga ma DC, mafumu aakulu ndi atsogoleri a zipembedzo ngati olembera maukwati pansi pa mlembi wamkulu wa boma, ndipo limafuna kuti chidziwitso cha ukwati chikhale poyera masiku 21. Nditawerenga nambala imeneyi ndidachita manyazi. Masiku 21 ndi masabata atatu, omwe aja abusa achikulire adandipempha. Mpingo ndi boma, aliyense payekha, adafika pa nzeru imodzi: mawu a ukwati apatsidwe nthawi yoti ayende, afike kumsika wa Nsaru, akwere njinga mpaka ku Namitete, kuti ngati pali mayi wina wa ana awiri amve, abwere adzanene.

Koma ndisafulumire kuweruza mnzanga chifukwa cha kufupika kwa maphunziro ake. Mbiri ya dziko lino imatichenjeza kuti kuchedwetsa kudzoza nakonso kudakhalapo chida chopondereza. Mishoni ya Livingstonia idayamba mu 1875, koma abusa ake oyamba achikuda, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, adadzozedwa mu 1914. Ku Blantyre, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha adadzozedwa mu 1911, mishoni itakhala kale zaka 35. Charles Domingo, munthu wophunzira bwino, adadikira mpaka adatopa n'kuchoka ku Livingstonia osadzozedwa. Akatolika adadzoza wansembe woyamba wa dziko lino, Cornelius Chitsulo, mu 1937. John Chilembwe ubusa wake adakautenga ku America, n'kubwera nawo mu 1900 kudzayambitsa mpingo ku Mbombwe. Kodi tinganene kuti iyeyo sadali mbusa chifukwa manja omusanjika adali a kutsidya kwa nyanja? Amene amasunga khomo la ubusa si nthawi zonse amalisunga mwachilungamo, ndipo ndikudziwa abusa osapita patali ndi sukulu amene amayendera odwala usiku mvula ili pamsana, pamene ena a madigiri ali m'tulo.

Mbali inayo nayo ili ndi phompho lake. Ku America kuli mpingo wotchedwa Universal Life Church, umene Kirby Hensley adaulembetsa ku Modesto m'chigawo cha California mu 1962. Mpingowu umadzoza aliyense wofuna, kale kudzera pa positi, masiku ano pa intaneti, m'mphindi zochepa, ndipo m'zigawo zambiri za dzikolo wodzozedwa motero amaloledwa kumangitsa ukwati. Ambiri amachita zimenezi kuti adalitse ukwati wa mnzawo kapena wa m'bale wawo. Maganizo awo si opusa: akuti ndi bwino kumangidwa ndi munthu wokudziwa kusiyana ndi mlendo wovala mkanjo. Komatu kumeneko ntchito yofufuza imakhala kuti yachitika kale kuofesi ya boma yopereka chilolezo cha ukwati, ndipo wodalitsayo amangomaliza mwambo. Kwathu kuno, kumene mwamuna angathe kukhala ndi mkazi ku Namitete, wina ku Nsaru, popanda kompyuta yowalumikiza, kufufuzako kuli m'manja mwa mbusa, mfumu ndi nkhoswe. Iwo akagona, palibe wina ali maso.

Nanga tsono kudzoza n'chiyani, ngati si kutalika kwa sukulu ndiponso si pepala? Ntchito yanga ya kuofesi ndiyo idandithandiza kumvetsa. Chidindo chimene ndimagwiritsa ntchito si changa. Ndidabwerekedwa, ndipo amene adandibwereka angathe kundilanda ndikachigwiritsa ntchito molakwika. Anthu amakhulupirira pepala lotuluka m'manja mwanga osati chifukwa ndine wanzeru, koma chifukwa akudziwa kuti pamwamba panga pali wondifunsa, ndipo mawa akabwera adzandipeza pampando womwewo. Kudzoza kuli chimodzimodzi. Mbusa wa Sinodi ya Nkhoma amaphunzira zaka zingapo, ayesedwe, aitanidwe ndi mpingo, kenako abusa anzake amusanjike manja pamaso pa anthu. Wansembe wa Katolika amadutsa ku Kachebere ndi ku St Peter's ku Zomba bishopu asanamudzoze. Zaka zimenezi si za mabuku okha. Ndi zaka zoti anthu amuone mmene amakhalira akakwiya, akasowa ndalama, akayamikiridwa. Ndipo manja amene amusanjika ndi omwewo adzamugwire paphewa akapotoka. Kalata yoyamba ya Paulo kwa Timoteo nayo imachenjeza za kufulumira kusanjika manja. Vuto la mnzanga silidali lakuti adaphunzira masabata ochepa. Vuto lidali lakuti amene adamudzoza ali ku South Africa, sadziwa n'komwe kuti Nsaru ili kuti, ndipo padalibe amene akadamufunsa kuti bwanji wamanga ukwati wosalengeza.

Chinanso chimene ndidaphunzira chidandidabwitsa. Akatolika, amene amawerenga ukwati ngati sakramenti, amaphunzitsa kuti opatsana sakramentilo ndi mkwati ndi mkwatibwi eni ake; wansembe amaimirira ngati mboni ya mpingo. Lamulo lakuti pakhale wansembe ndi mboni ziwiri lidakhazikitsidwa pa msonkhano wa ku Trent mu 1563, pofuna kuthetsa maukwati a m'tseri amene mwamuna ankatha kuwakana mawa lake n'kukakwatira kwina. Vuto limene lidatipeza pasiwa paja anzathu a ku Ulaya adalimbana nalo zaka zoposa 400 zapitazo, ndipo mankhwala adali omwewo: ukwati uchitikire poyera, pamaso pa munthu wodziwika. Ngati ndi choncho, ndiye kuti mbusa samanga ukwati monga mmisiri amangira nyumba. Omanga ndi awiriwo. Iye ndi mboni imene ikuuza mudzi kuti ndafunsa, ndadikira, ndamvetsera, ndipo sindidapeze chotchinga.

Makolo athu adaidziwa nzeru imeneyi mishoni isanafike ku Mvera mu 1889. Nkhoswe siphunzira sukulu ya unkhoswe, sivala kolala, ilibe chikalata. Komabe palibe amene amakayika mphamvu yake, chifukwa aliyense amadziwa mudzi wake, mbumba yake ndi khomo la nyumba yake. Banja likayaka moto pakati pausiku, amakagogoda kwa nkhoswe. Mwana akadwala, mwamuna akasowa, maliro akagwa, nkhoswe imafunsidwa. Mphamvu yake yonse yagona pakuti idzapezeka. Mayi anga, amene sadapiteko kusukulu, adandiuza titabwera kumaliro kuja, "Iwe, unkhoswe si wa tsiku la nthungululu. Nkhoswe imaoneka tsiku la misozi. Inzako ija ili kuti lero?" Nkhoswe yobwereka ili ngati mbusa wopanda womufunsa: onse amaoneka bwino pachithunzi.

Pamenepa ndiye ndafika pa yankho langa. Woyenera kuimirira pakati pa anthu awiri, kaya wavala kolala, kaya wakhala mu ofesi ya DC, kaya ndi malume wa chipewa chong'ambika, ndi amene ali ndi zinthu ziwiri. Choyamba, akhale wotha kukana. Munthu amene amavomera ukwati uliwonse, kuvomera kwake kulibe mtengo. Abusa achikulire aja adali okonzeka kundikwiyitsa, ine wopereka chakhumi chooneka, pofuna kuteteza mtsikana amene ineyo ndimayenera kumuteteza. Chachiwiri, akhale wopezeka mawa, ndipo pakhale ena omufunsa. Lamulo lingathe kupereka chilolezo, mpingo ungathe kusanjika manja, koma zonsezi ndi njira chabe zotsimikizira mudzi kuti zinthu ziwirizi zilipo. Zikasowa, chotsala ndi pepala la nkhunda.

Wina anganene kuti ngakhale masabata atatu akadakwana, mwina mayi uja sakadamva, ndipo wabodza waluso amadutsa pachipata chilichonse. N'zoona. Palibe mwambo umene ungatseke mabodza onse, ndipo maukwati ena olengezedwa bwinobwino amatha chaka chisanathe. Koma mboni siilonjeza kuti banja lidzakoma. Imalonjeza kuti yachita mbali yake moona. Abusa aja akadalandira kalata yabodza, tchimo likadakhala la wolembayo. Ine sindidanamizidwe nditafunsa. Ndidasankha kusafunsa chifukwa yankho likadasokoneza Loweruka langa. Kusiyana kwa ziwirizi ndi kumene kumandilanda tulo.

Nkhani ya chuma cha masiye tidaikamba pabwalo, mafumu a mbali zonse alipo. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaika patsogolo ana ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu, ndipo akuchimuna, ndiwayamike, sadakane khanda lija kuti ndi magazi awo. Lidalandira gawo lake. Mayi wamkulu uja sadalakwire aliyense. Naye adanamizidwa ngati ife. Mwana wa mlongo wanga tsopano amagulitsa zitenje pamsika, mwana wake wayamba sukulu ya mkaka, ndipo amandilonjerabe mwaulemu ngati kale. Ulemu umenewo umandipweteka kuposa mmene chipongwe chikadandipwetekera.

Mnzanga uja akadali mbusa. Ndidamva kuti adakadziphatika ku bungwe la mipingo ingapo kumene kuli akuluakulu omuyang'anira, ndipo masiku ano samanga ukwati asanaulengeze katatu ndi kuonana ndi ankhoswe a mbali zonse kumidzi kwawo. Anthu ena amadandaula kuti wayamba kuvuta. Ine ndikamva dandaulo limeneli ndimati kudzozedwa kwake kwayamba kugwira tsopano.

Chaka chatha mwana wina wa mlongo wanga wamng'ono adabwera naye mnyamata wa ku Mpingu. Nawonso adali ndi changu, akuti holo adalipira kale. Ndidawauza kuti adikire. Loweruka lotsatira ndidakwera minibasi, n'kutsika pa Mpingu, n'kukwera kabaza mpaka kumudzi kwa mnyamatayo. Ndidakhala pakhonde la amalume ake, tidadya nsima ya nkhwani wotendera, ndidalonjera anyakwawa, ndidacheza ndi amayi a pachitsime. Sindidapeze chilichonse choipa. Pobwerera fumbi lidali litandifika m'mawondo, ndipo mtsikanayo adandiseka nati, "Amalume, ulendo wonsewu mwangovutika chabe." Ndidamuyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku la ukwati wake, atandipatsa cholembera, ndidasayina dzanja lisakunjenjemera.